Mlonda wa Pamadzi

Ife obadwira m'mbali mwa nyanja tili ndi dzina la pafupifupi ntchito iliyonse ya pamadzi. Tili ndi msodzi, tili ndi alovi okoka chilimira, tili ndi siginala woyatsa nyali usiku kuti usipa usonkhane, tili ndi mmisiri wosema bwato ndi mayi woyanika pathandala. Koma pali ntchito ina yomwe m'chinenero chathu ilibe dzina lokhazikika, chifukwa pamadoko athu ambiri palibe munthu woigwira. Ndi ntchito ya munthu amene amakhala kumtunda, maso ali pamadzi, ena onse akusambira. M'Chingerezi amati lifeguard. Ife muno timutcha mlonda wa pamadzi.

Ambiri a ife tidamuonera m'mafilimu: mnyamata wa mapewa otambalala akuthamanga pamchenga, kudumphira m'mafunde, n'kutuluka atanyamula munthu. Chithunzi chimenechi chimatiganizitsa kuti ntchitoyi yagona pa mphamvu za manja, ndipo poti kwathu kuno anyamata odziwa kusambira ndi osawerengeka, timayesa kuti alonda tili nawo kale. Komatu kudumphira m'madzi ndi kachigawo kakang'ono kwambiri ka ntchitoyi. Tsiku lathunthu likhoza kutha mlonda asananyowetse phazi. Chimene amalipidwira ndi kuyang'ana, kuyang'ana mosadukiza pa nthawi imene wina aliyense wamasula mtima. Tikamvetsa chifukwa chake, tiona kuti nkhaniyi ikukhudza khomo lililonse, kuyambira ku Nkhotakota ndi Salima mpaka ku Mangochi ndi Makanjira.

Chifukwa chachikulu n'chakuti munthu amamira mwakachetechete. Timaganiza kuti womira amakuwa ndi kukodola anthu. Frank Pia, yemwe adali mlonda pa gombe la Orchard Beach mumzinda wa New York, adajambula pa filimu anthu amene ankamiradi asanavuulidwe, ndipo zimene adaona zimaphunzitsidwa kwa alonda mpaka lero. Pakamwa pa womira pamatulukira pamwamba pa madzi kanthawi kochepa, kongokwanira kutulutsa ndi kukoka mpweya. Mpata wofuula palibe. Manja ake amangomenya madzi cham'mbali pofuna kukweza thupi, moti sangathe kuwatukula kuti aitane munthu. Amakhala choimirira m'madzi, mutu utapendekera kumbuyo, miyendo isakuthandiza kanthu. Kulimbana kumeneku kumatenga masekondi 20 mpaka 60 basi, ndipo kwa mwana kumafupika. Woona ali chapatali amayesa kuti mwanayo akusewera. Ana osewera m'madzi amasokosa. Mwana akati zii, mpamene tiyenera kudzidzimuka.

N'chifukwa chake pa maiwe osambiramo a m'mahotela ndi m'masukulu a m'maiko ambiri ulonda uli ndi malamulo okhwima. Mlonda aliyense amapatsidwa chigawo chake cha dziwe. Lamulo lina lodziwika bwino limati aziyendetsa maso pa chigawo chonsecho m'masekondi 10, ndipo akhale pamalo poti angafike kwa wovutika m'masekondi 20. Amakhala pampando wautali kuti aziona mpaka pansi, pakuti amene wamira kale saonekera pamwamba, ndipo kunyezimira kwa dzuwa pamadzi kumabisa zambiri. Sacheza ndi anzake, sagwira foni, sawerenga buku. Popeza maso amatopa ndipo maganizo amayamba kuyendayenda, alonda amasinthana malo pakatha mphindi 20 kapena 30, ndipo posinthanapo mmodzi amakhala akuyang'anabe madzi pamene mnzake akukwera pampando. Amadziwiratu anthu oyenera kuwasamala: mwana amene akuyenda chogwira m'mbali mwa dziwe kulowera kozama, wamkulu amene walowa m'madzi atamwa mowa, anyamata opikisana kubisa mpweya. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa ntchito zonse za pamadzi palibe yofuna kudekha ngati imeneyi.

Pa magombe a nyanja zamchere mlonda amafunikanso kuwerenga madzi. M'mawa, anthu asanachuluke, amaona kumene mphepo ikuchokera ndi mmene mafunde akuswekera, kenaka amazika mbendera ziwiri za mtundu wofiira ndi wachikasu. Pakati pa mbenderazo ndi pamene anthu ayenera kusambira, ndipo ndi pamene maso ake ali. Mdani wake wamkulu ndi madzi obwerera. Mafunde akaponya madzi kumtunda, madziwo amafuna njira yobwerera kwawo, ndipo amadzikumbira khwawa pakati pa milu ya mchenga ya pansi pa nyanja. M'khwawalo amathamangira kozama ngati mtsinje. Chonyenga chake n'chakuti pamalopo pamaoneka bata, mafunde saswekapo, ndiye mlendo amasankha pomwepo. Akagwidwa amalimbana nawo molunjika kumtunda mpaka mphamvu zitatha, pomwe wodziwa amangoyandama, kenaka n'kusambira cham'mbali motsata gombe kufikira atatuluka m'khwawalo. Bungwe la alonda la ku America, United States Lifesaving Association, limati mwa anthu 100 alionse opulumutsidwa pa magombe a mafunde, oposa 80 amakhala atagwidwa ndi madzi obwererawa. Bungwe lomweli limawerengera kuti pa gombe lolondedwa ndi anthu ake, mwa maulendo 18 miliyoni opita kugombe, umodzi wokha ndi umene umathera pa imfa ya madzi. Chimene chimatsitsa chiwerengero chonchi ndi wezulo amene amalira munthu asanafike pangozi. Wouzidwa kuti abwerere nthawi zambiri amanyinyirika, koma wakutsina khutu ndi mnansi.

Mbiri ya ntchitoyi ili ndi tsiku limodzi losaiwalika. Pa gombe la Bondi mumzinda wa Sydney ku Australia, anthu ongodzipereka adakhazikitsa kalabu yopulumutsa osambira m'chaka cha 1907. Chida chawo chidali chingwe chachitali chokulungidwa pagudumu: mmodzi ankamanga lamba m'chiuno n'kusambira kupita kwa wovutika, ena akumasula chingwe, ndipo akamugwira ankakokedwa onse awiri kumtunda. Lamlungu pa 6 February 1938, gombe litadzaza ndi anthu zikwizikwi, mafunde akuluakulu atatu adabwera motsatizana, ndipo pobwerera madziwo adakokolola khamu lomwe lidaima pamchenga wosaya. Anthu pafupifupi 250 adafunika thandizo nthawi imodzi. Omwalira adali asanu. Kuchepa kwa imfa pa tsoka lalikulu chonchi kudachitika chifukwa alonda ambiri adali kale pamchenga masana amenewo, ndipo aliyense ankadziwa malo ake: wa lamba, wa chingwe, wa gudumu, wotsitsimutsa ovuulidwa. Padalibe wothamangira kukaitana thandizo kumudzi, pakuti madzi sapereka nthawi yotero.

Nyanja yathu ndi ya madzi opanda mchere, ndipo siphwa ndi kudzaza tsiku ndi tsiku ngati ya ku Bondi, koma ili ndi misampha yake. Madzi opanda mchere sanyamula thupi monga amachitira amchere. Mwera ukawomba m'miyezi yozizira, mafunde amakula ndipo madzi obwerera amakoka miyendo. Pali malo amene mchenga umayenda mosaya mapazi angapo kenaka n'kutsika mwadzidzidzi. Pa mathiriro a mitsinje pansi pamasintha nyengo ya mvula iliyonse, moti pamene mwana ankaima chaka chatha, chaka chino pamamumiza. Pali zingwe za maboti, maukonde otchera pafupi, ndiponso ng'ona ndi mvuu m'mabango. Msodzi wa pamalopo amazidziwa zonsezi monga amadziwira njira ya kwawo. Mwana wa zaka zitatu sazidziwa. Mlendo wochokera ku Lilongwe kapena ku Blantyre, amene wabwera kudzasangalala nafe pa Eid kapena pa tchuthi cha kumapeto kwa chaka, sazidziwanso, ndipo amachita manyazi kunena kuti satha kusambira pamene akuona tiana tikudumpha kuchokera pabwato.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lidalengeza m'chaka cha 2024 kuti anthu pafupifupi 300,000 adafa ndi madzi m'chaka cha 2021. Mwa anthu anayi alionse, pafupifupi mmodzi adali mwana wosakwana zaka zisanu, ndipo poyerekeza ndi kuchuluka kwa anthu, chigawo cha Africa ndi chimene chidatsogola. Ife a kunyanja ziwerengerozi sizitidabwitsa, chifukwa pafupifupi mudzi uliwonse uli ndi manda a mwana amene adatuluka m'nyumba ali bwinobwino.

Chimene chimatipusitsa kwambiri ndi kuchuluka kwathu padoko. Timati pagombe pali anthu, ana sangaone vuto. Zoonadi pali anthu: amayi akuchapa ndi kutsuka mbale, abambo akusoka maukonde, ogula akutsutsana mtengo wa ndowa ya usipa, anyamata akukapa madzi m'boti. Onsewa ali pafupi ndi madzi, koma aliyense maso ali pa ntchito yake, ndipo aliyense akukhulupirira kuti wina akuona. Ife amene timaphunzitsa ana timachidziwa bwino chinthu chimenechi. Ana makumi anayi akakhala ndi mphunzitsi mmodzi wowaitana maina, wosowa amadziwika nthawi yomweyo. Ana omwewo akakhala pa mwambo wa akuluakulu zana, mmodzi akhoza kusowa ola lathunthu popanda womufunsa. Timanena moona kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma pamadzi mwana wa aliyense amasanduka mwana wopanda womuyang'ana.

Anthu a ku Bangladesh, dziko la maiwe ndi mitsinje, adalizindikira vutoli. Kumeneko kumira ndi kumene kumapha kwambiri ana a chaka chimodzi mpaka zinayi. Ofufuza adapeza kuti ana ambiri amamira pafupi kwambiri ndi nyumba, makamaka m'mawa mpaka masana pamene amayi atanganidwa ndi kuphika ndi kuchapa. Bungwe la kumeneko la CIPRB lidayambitsa malo osungirako ana otchedwa anchal. Mayi mmodzi wa m'mudzi momwemo, wophunzitsidwa, pamodzi ndi womuthandiza, amasunga ana pafupifupi 25 kuyambira 9 koloko m'mawa mpaka 1 koloko masana. Mwa ana osungidwa motere imfa za madzi zidatsika ndi magawo oposa 80 pa 100 alionse. Mayiyo alibe mpando wautali kapena mbendera, ndipo mwina satha n'kusambira komwe, koma ntchito imene akugwira ndi yomweyo ya mlonda wa ku Bondi: maola amenewo ana ali m'maso mwa munthu mmodzi wodziwika.

Apa mpamene ife tingayambire, osadikira kuti boma kapena eni malo ogona alendo alembe alonda padoko lililonse. Ana akamapita kukasambira, pakhale wamkulu mmodzi wotchulidwa dzina, wopanda ntchito ina m'manja. Awawerenge polowa ndi potuluka. Ngati akufuna kuchoka, asangonyamuka. Apereke udindowo ndi pakamwa kwa wina, kuti, “Azakhali, ana asanu ndi mmodzi awa ali m'manja mwanu, ndikukatula ndowa,” ndipo asachoke mpaka atayankhidwa. Kamwana kosakwana zaka zisanu kakhale poti dzanja likafika. Asodzi akuluakulu, amene amadziwa pansi pa madzi, azike nsungwi ziwiri zosonyeza malire a posambira, kutali ndi podutsa maboti ndi pa mathiriro, ndipo azizisuntha nyengo ikasintha. Pa tsiku la chikondwerero, pamene alendo achuluka ndipo mitima yamasuka, anyamata ndi atsikana odalirika asinthane ulonda pa theka la ola lililonse.

Payeneranso kukhala chida choponyera wovutika. Ku South Africa, bungwe la National Sea Rescue Institute lidayamba m'chaka cha 2017 kupachika zoyandamitsa za mtundu wa pinki pamitengo m'magombe opanda alonda, kuti aliyense wodutsa athe kuzigwiritsa ntchito. Ife chathu tili nacho kale m'nyumba. Chigubu cha malita 20 chopanda kanthu, chotsekedwa bwino, chimayandamitsa munthu wamkulu, ndipo ngakhale cha malita 5 chimathandiza kuti mutu ukhale pamwamba. Chikamangidwa ku chingwe chachitali n'kupachikidwa pamtengo wodziwika padoko, chimakhala chida cha mudzi wonse, bola mfumu ndi komiti ya padoko alamule kuti wina asachitenge kukatungira madzi.

Alonda amaphunzitsidwa ndondomeko imene anyamata athu olimba mtima ayenera kuimva. Choyamba ndi kufuula kuti ena adziwe. Kenaka, ngati wovutika ali pafupi, kumupatsira nsungwi, nkhafi kapena nsalu, wopatsirayo atagona kapena atagwira penapake kuti asakokedwe. Ngati ali patali, kumuponyera chigubu. Ngati chigubu sichifika, kupalasa bwato. Kulowa m'madzi ndi njira yomaliza, ndipo wolowayo atenge choyandamitsa kuti chikhale pakati pa iye ndi womirayo. Munthu amene akumira sazindikira mbale wake. Amakwera pa chilichonse chimene wagwira, ndipo mwana wa zaka khumi akhoza kumiza bambo wamphamvu. Maliro ambiri a anthu awiri amayamba ndi chikondi cha wachiwiriyo.

Kuvuula munthu si mapeto a ntchito. Chimene chimapha womira ndi kusowa mpweya, ndipo ubongo umayamba kuwonongeka pakatha mphindi zinayi mpaka zisanu ndi imodzi. Chizolowezi chomuzondotsa mutu pansi kapena kumufinya mimba kuti madzi atuluke chimangotaya mphindi zimenezi, ndipo chimabweretsa masanzi okatseka kukhosi. Ngati akupuma, agonekedwe cham'mbali, afunditsidwe. Ngati sakupuma, agonekedwe chagada pamalo olimba, mutu upendekedwe kumbuyo, chibwano chikwezedwe, mphuno itsinidwe, n'kumuuzira mpweya pakamwa kasanu, kuonetsetsa kuti chifuwa chikukwera. Kenaka kukanikiza pakati pa chifuwa ka 30, mofulumira ngati ka 100 mpaka 120 pa mphindi, n'kuuziranso kawiri, n'kupitiriza chonchi mosinthana pamene wina akufuna galimoto kapena njinga yamoto. Kulira kudikire kaye, chifukwa ana ambiri amene ankaoneka ngati apita adabwerera ndi mpweya wa munthu wina. Ngakhale wotsitsimukayo ayende yekha n'kumalankhula, apite naye kuchipatala, pakuti mapapo amene alowa madzi amatha kuvuta patapita maola. Luso limeneli limafuna kuphunziridwa ndi manja, osati pa pepala lokha. Bungwe la Malawi Red Cross Society limaphunzitsa chithandizo choyamba, ndipo mudzi ukhoza kupempha.

Pali funso lina limene mabanja athu amalizemba: atsikana. Mnyamata wa kunyanja amaphunzira kusambira yekha, koma mtsikana akangoyamba kukula timamuchotsa m'madzi ozama chifukwa cha kavalidwe, ndipo amakula akudziwa kungoima pofika m'maondo. Chonsecho ndi iyeyu amene adzakhale padoko tsiku lililonse, mwana kumsana, wina pambali, ndipo ndi iyeyu amene adzakwere boti kupita kumsika atavala nsalu zolemera zikanyowa. Ena adaipeza njira popanda kutaya ulemu. Mu December 2005 pa gombe la Cronulla, mu Sydney momwemo, padabuka zipolowe za tsankho zolimbana ndi anthu ochokera ku Middle East, zitayambira pa mkangano wa anyamata ena ndi alonda a pagombe. Pambuyo pake bungwe la Surf Life Saving Australia lidatsegula maphunziro a ulonda kwa achinyamata a Chisilamu. Mayi wina wosoka zovala, Aheda Zanetti, yemwe adabadwira ku Lebanon, adali atapanga kale chovala chosambirira chophimba thupi lonse ndi mutu, chopepuka m'madzi, chotchedwa burkini. Adasoka cha mtundu wofiira ndi wachikasu, ndipo m'chaka cha 2007 mtsikana wina, Mecca Laalaa, adayamba kulondera pagombe atavala chimenecho. Kufupi ndi kwathu kuno, ku Nungwi pa chilumba cha Zanzibar, bungwe la Panje Project limaphunzitsa atsikana ndi amayi kusambira atavala zophimba thupi lonse, ophunzitsa ena ali amayi anzawo, ndipo poyamba kuyandama amagwira zigubu zopanda kanthu zonga zathuzi. Telala wa pa msika wathu akhoza kusoka chovala chotero, ndipo doko lililonse lili ndi ola limene amuna kulibe.

Tikudziwa mawu amene amanenedwa pamaliro otere, akuti linali tsiku lake. Ndi mawu oona, ndipo amatonthoza mayi amene mtima wake wasweka, sitingamulande. Koma malo ake ndi pambuyo pa tsoka. Msodzi yemweyo amene amakhulupirira kuti zonse zili m'manja mwa Allah amamanga bwato lake madzulo alionse, amayang'ana kumwera asanapalase, ndipo sitinamvepo wina akumunena kuti chikhulupiriro chake chachepa. Ana amene tapatsidwa kuti tiwasunge aposa bwato.

Mu April 2021 mayiko a mu United Nations, motsogozedwa ndi Bangladesh ndi Ireland, adagwirizana kuti 25 July chaka chilichonse likhale tsiku lokumbutsana za kupewa kumira. Tsikuli limagwa m'nyengo ya mwera, ndipo ndi nthawi yabwino yoti mafumu, makomiti a m'madoko, aphunzitsi ndi makolo akhale pansi, aone ngati nsungwi zili m'malo, ngati chingwe sichinafumbwe, ngati chigubu chikadali pamtengo wake. Ntchito ya mlonda wa pamadzi ilibe chiyamiko, chifukwa ikayenda bwino palibe nkhani yosimba: ana amabwera kunyumba maso ali psuu, milomo itatuwa, njala ikuwaluma, n'kufunsa nsima. Wolonderayo wapsa ndi dzuwa, wadana ndi anyamata awiri amene wawabweza, ndipo sadzadziwa kuti ndi mwana uti amene wamusunga. Komabe mawa ana akamatsikira kugombe, tisawalole kudutsa pakhomo tisanamve dzina la amene akukawayang'ana.